Mbaula ya Ba Chibesa

Lolemba, 16 Juni
"Makina atsopanowa adzazindikira chifukwa cha kubanika kwa wodwala aliyense m'mphindi zitatu, mosaphonya." Mawu a bwana wochokera ku likulu, pa mwambo wa lero kuchipatala chathu. Tinaomba m'manja. Makinawo ndi kakompyuta kolingana ndi buku la nyimbo. Namwino amaikamo zaka, kugunda kwa mtima, mpweya wa m'magazi, chithunzi cha chifuwa, iko nkuyankha. Wosankhidwa kukagwiritsa ntchito: Mwango, mwana wanga. Ine pa zenera langa la makadi a odwala, khosi m'mwamba. Pantchito Mwango amanditcha "Ba Ng'andu". Ndimavomera.

Lachinayi, 19 Juni
Kunena zoona, kamagwira ntchito. Mayi wina wa ku Avondale tonse timati ndi mphumu, iko kanati ndi mtima. Unalidi mtima.
Kuzizira. Kwathu ku Chelstone magetsi kulibe, tsiku lachitatu.

Lachiwiri, 24 Juni
M'mawa abwera nawo Ba Chibesa, telala wosokera ku Kamwala, oyandikana nafe nyumba. Wefuwefu, mutu, chizungulire. Kachipangizo koyeza mpweya pa chala: 99, ngati munthu wabwinobwino. Chifuwa choyera. Kakompyuta: ndi nkhawa chabe, apite kunyumba.
Mwango ananunkhiza juzi lawo. "Ba Chibesa, munagona na mbaula mu nyumba?" Anagona nayo, zenera atatseka ndi nsanza. Mwango akuti mpweya wa makala umanamiza ka pa chalako. Anawaika pa okosijeni, natuma ambulansi kukatenga akazi awo. Anawapeza atakomoka.

Lachitatu, 25 Juni
Mwango waitanidwa ku ofesi. Wotsutsana ndi makina ayenera kulemba kalata yofotokoza. Ambulansinso anaituma popanda chilolezo. Akhoza kumuimitsa ntchito. Sanadye. Kalatayo ndaiwerenga: mizere isanu, kupepesa mulibe. Watengera malemu mayi ake.

Lolemba, 30 Juni
Sanamuimitse. Sanamuthokozenso.
Ba Chibesa ndi akazi awo anatuluka Loweruka. Lero abwera ndi tepi m'khosi, akuti amusokera Mwango diresi, afune asafune. "Mwana wanu ali na mphuno, Ba Ng'andu." Ndinaweramira makadi anga kuti asandione nkhope.

Lachisanu, 4 Julayi
Lipoti la Juni lamatidwa pa bolodi: odwala obanika 212, makina sanaphonye ndi mmodzi yemwe.
Khadi la Ba Chibesa ndikusunga ndine. Pa mzere wa makina palembedwa: apite kunyumba.