Achimwene Anu Sanaimbe Foni ku Wailesi

Okondedwa alamu a Frazer,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ana akudzuka bwino.

Ligi inayamba Loweruka, ndipo timu yanu ija inagonja ndi zigoli ziwiri kwa duu. M'minibasi za ku Old Town anthu akungokangana, ati kochi anachita mantha poika wakutsogolo mmodzi yekha. Atolankhani nawo amunyoza kokwanira.

Mukuwadziwa achimwene anu, bambo a Sellah. Chaka chilichonse amaimba foni ku wailesi kuwakalipira atolankhaniwo. Ulendo uno, poti matenda awagoneka, ndinawaikira wailesi pafupi ndi pilo, foni m'manja, koma sanafunse n'komwe kuti wagoletsa ndani. Ku Area 15 kumene ankalondera kuja, abwana alemba kale mlonda wina.

Mukapeza tchuthi, chonde bwerani, musadikire kuti ligi ithe.

Ndine mlamu wanu,
Evelesi