Bondo Likukana Kugwada

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine kuno ku Mzuzu ndilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'bondo. Ndikulemba momasuka, poti kalata iyi yokha ndi imene palibe adzaitsegule panjira.

Munandisiya ndili gone m'chipatala ku Blantyre, mwendo uli m'chikhakha. Achimwene anandibisira uthengawo mpaka atakuikani, ati kuopa kuti ndingadzuke n'kudula ulusi. Sindinawakalipire, koma mtima sunakhale pansi. Poti mapeto a nkhani ya mwendowu simunawamve, ndikuuzeni: pakati pa mafupa a bondo pali kamnofu koterera, ndiye kanang'ambika tsiku lija ndinaterereka pamatope ku Masasa. Madokotala anatsegula n'kukasoka. Chipsera n'chachitali ndithu, koma palibe amachiona, poti madiresi athu masiku ano sayerekeza kulekeza pamwamba pa mawondo.

Atachotsa chikhakha, mwendo unatuluka wowonda ngati wobwereka. M'mawa ndimamanga kathumba ka mchenga pakakolo, n'kumaukweza ndili chagada. Ndikatero ndimakhala m'mphepete mwa bedi, kulinyengerera bondolo kuti lipinde. Pa ndodo ziwiri zoyendera, imodzi ndasiya. Kukaphunzitsa sindinayambe. Mabuku a m'nyumba muno ndawerenga onse, ena kachiwiri, ndipo ndikapeza mawu okoma ndimadzutsa mutu kuti ndikuwerengereni monga kale, n'kupeza khoma.

Akazi a achimwene achira, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Sindinamuone. Chimanga changa cha kuseri kwa nyumba chinapita ndi udzu. Amayi a chipani anabwera kudzandiitana kokonzekera gule. Ndinawaonetsa ndodo, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapita.

Koma chimene chikundivuta, Amayi, ndi kugwada. Paja munkati, "Ulemu wa mwana wamkazi uli m'mawondo, pakamwa pamanama." Eni nyumba ino, aNyaMhango, mayi wachikulire, anabwera kudzandipepesa maliro anu. Madzi akumwa ndinawapatsa chiimirire, ngati munthu wosaleredwa. Anaona manyazi anga n'kunena mosakaniza ndi Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, mwana wane. Lamwano ndi bondo, iwe yayi." Tinaseka. Atatuluka ndinalira, chifukwa chiyambire maliro anali munthu woyamba kunditcha mwana. Kutchalitchi nako anthu onse akagwada ndimatsala ndekha pabenchi, mutu pamwamba pa onse, ngati mlendo wosadziwa mwambo.

Bambo amene amandiphunzitsa zolimbitsa mwendo kuchipatala cha kuno sanandibisire. Anati, "Kuyenda mudzayenda, aphunzitsi, ngakhale kuthamangira basi. Koma zogwada musaike mtima, mwina bondolo lidzalola, mwina ayi." Dzulo ndinayesabe. Ndinaika pilo pansi, n'kugwira thebulo, n'kumatsika pang'onopang'ono. Pakatikati bondo linaima ngati chitseko chimene chagunda mwala. Ndinakhala choncho, kumwamba ayi, pansi ayi, ndipo wondigwira mkono panalibe.

Ndiye chifukwa chake sindinabwerebe ku Thyolo kudzaona pamene mwagona. Achimwene akuyesa ndikuwasungira mkwiyo. Si zimenezo. Ndimafuna tsiku loyamba kufika pamanda panu ndidzagwade bwinobwino, mawondo onse awiri pansi, poti pokuikani panalibe bondo langa. Ndakhala ndikudikira kuti lilole, koma ndaona kuti likhoza kundidikiritsa mpaka udzu utakuphimbani.

Choncho sindidikiranso. Mvula ikangosiya, misewu n'kuuma, ndikwera basi. Mchenga wanga sindisiya kukweza mpaka tsikulo. Bondoli likadzakanabe, ndidzakhala pansi pambali panu chotambalala, ngati kamwana kosadziwa kanthu, n'kukuuzani zotsalazi pakamwa. Ndikudziwa kuti kakhalidwe kameneko simunkakafuna pamaso pa akulu. Tsiku limenelo lokha musadzandikalipire, Amayi.

Ndibwera ndithu.

Ine mwana wanu wokukondani,
Esinati