Dengu Linapsa pa Sabata, Ndikhulupirire Mwana Uti?

Agogo,

Zikomo chifukwa cha zimene munalemba mwezi wa Meyi, zoti tizimvetsera kaye mmene mwana akufotokozera tisanatole kamtengo. Zandigwira dzanja.

Ndimathyola tiyi pa esiteti. Pa Sabata la pa 14 Juni, ine ndi bambo akunyumba tinapita kutchalitchi. Pakhomo panatsala mwana wathu Blackson, wa zaka 11, ndi Fainess, wa zaka 9, mwana wa malemu achemwali anga, poti onse anali ndi chimfine. Ife pa Sabata sitikoleza moto, koma tinapeza dengu lothyolera tiyi la bambo litapsa.

Ndinawafunsa aliyense payekha. Blackson anati, "Fainess anakoleza moto, kenako anaotcha mbatata, kenako dengu linapsa." Ndikafunsanso, mawu ndi omwewo, ndipo iyeyo m'nkhanimo mulibe. Fainess amangodumphadumpha: "Tinaotcha mbatata. Ayi, achimwene anayamba akapempha machesi kwa aneba athu, amake Promise. Mphepo imazimitsa, ndiye anatchinga ndi dengu. Ndinadya nawo, koma inali yaiwisi m'kati." Nditafunsa amene anazimitsa motowo anati, "Sindikukumbuka."

Bambo akuti, "Wodukizadukizayu ndiye wabodza, apite kwa amalume ake ku Mphuka." Kumeneko sukulu akasiya. Nditani?

E.M., Thyolo

Amayi E.M.,

Munachita bwino kuwafunsa padera, popanda kamtengo. Khutu lanu likumva bwino.

Mwana wokumbukira zimene zinachitikadi nthawi zambiri amabwerera m'mbuyo, amadzikonza, amatchula zazing'ono ngati mbatata yaiwisi, ndipo savutika kunena kuti waiwala. Fainess wadziikamo yekha m'cholakwacho. Nkhani yokonzeratu imayenda mosalala ngati vesi loloweza, mwini wake atadzichotsamo.

Fainess wakupatsaninso poyambira. Pitani ndi bambowo kwa amake Promise, adzifunsire okha amene anapempha machesi. Mukatero khalani pansi ndi Blackson. Musati, "Wanama eti?" Nenani, "Ndiuze zonse kuyambira pamene tinatuluka, iwe unali pati?" Muuzeni kuti kuvomera sikumukwapulitsa.

Chenjerani, izi ndi zizindikiro chabe. Mwana wamantha akhoza kubwereza mawu omwewo akunena zoona, wochenjera akhoza kukometsera bodza. Musaweruze ndi kayankhulidwe kokha.

Dengu lina lipezeka. Koma Fainess akakwera minibasi ya ku Mphuka chifukwa chonena zoona, sadzakuuzaninso kanthu.

Agogo