Wotchi ikumazima masana pamene mkazi wanga watsala pang'ono kuchira

Aphungu,

Ndikudziwa kuti patsamba lanu pamabwera nkhani za mabanja ndi zibwenzi, osati za mabatire. Koma muwerenge kaye mpaka kumapeto, chifukwa batire limene ndikudandaulali latsala pang'ono kundichotsera mkazi pakhomo.

Ndine kalipentala. Ndagwira ntchito pa makina opala ndi ocheka matabwa kuyambira ndili mnyamata, ndipo makutu anga anatha pang'onopang'ono ine osazindikira. Lakumanzere linagontheratu. Lakumanja limamva munthu akayandikira, ine n'kumamuyang'ana pakamwa. Anzanga kushopu amanditchula kuti Bwerezani, poti ndi mawu amene ndimanena kawirikawiri. Sindikwiya nazo, dzinalo linandikhala.

Foni ikamalira sindiimva. Mng'ono wanga ataona zimenezi anavula wotchi yake, ija yolumikizana ndi foni, n'kundiveka. Munthu akaimba kapena kutumiza meseji, wotchiyo imanjenjemera pamkono, ine n'kuyang'ana, n'kudziwa kuti ndi ndani. Kwa ena wotchi yotere ndi yodzionetsera. Kwa ine ndi khutu.

Vuto ndi lakuti ikumatha moto msanga. Ndimaitchaja madzulo aliwonse mpaka m'mawa. Tsiku lina ndimapeza yadzaza, tsiku lina yangofika pakati, chonsecho yagona pa tchaja chomwecho. Ndikafika kushopu ndimakoleka jekete pa msomali m'chipinda chosinthira zovala, foni ili m'thumba mwake, chifukwa utuchi unandiwonongera kale foni ina. Pofika nthawi ya chakudya batire latsika kwambiri, ndipo dzuwa likangopendeka sikirini yachita bii. Chodabwitsa n'chakuti Lamlungu ndikakhala pakhomo imafika madzulo moto ulipo.

Ndinkazitenga mopepuka mpaka Lachitatu lapitali. Mkazi wanga ndi woyembekezera, ndipo mwezi wake wayandikira. Takhala m'banja zaka zambiri opanda mwana, anapitapo padera kawiri, ndiye mukhoza kumvetsa mmene pathupi pano tikupasamalira. Tsikulo anachita chizungulire ali m'bafa, kenako anaona magazi. Anandiimbira, ananditumizira meseji, anaimbanso. Ine ndinali kuika zitseko pa kabati, wotchi yakufa ili pamkono, mtima uli m'malo. Amene anamva kuitana kwake ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe. Ndi iyeyo amene anathamanga kukafuna galimoto n'kupita naye kuchipatala.

Ine ndinadziwa poweruka, nditatenga jekete n'kuona pa foni. Sindikumbuka mmene ndinayendera. Ndinafika utuchi uli mbuu m'mutu, n'kupeza apongozi anga ataima pakhonde la wodi. Sanakalipe. Anandiyandikira mbali ya khutu lakumva n'kunena kuti, "Bambo, za makutu sindikukunenani, amenewo simunachite kufuna. Koma mwana wanga sangakhale ndi munthu wosapezeka. Akatuluka muno ndikumutenga, akadikirire kwathu."

Mwamwayi mayi ndi mwana ali bwino, adokotala angoti apumule ndipo asamakhale yekha. Potuluka, mkazi wanga anakana kupita kwa mayi ake. Anati, "Amayi, ine ndikufuna pakhomo panga. Bambo awa akonza, ndikuwadziwa." Ananena akundiyang'ana kuti ndione pakamwa pake. Ndinalonjeza pomwepo kuti ndizipezeka akandifuna. Panopa apongozi akugona pa sofa pabalaza pathu, ndipo akuti akapanda kuona kusintha anyamuka naye.

Ndayesako zina. Wokonza mafoni wa pakona anati tisinthe batire, wotchiyo asanaigwire n'komwe. Mnzanga wa pa makina ocheka akuti ndiitaye, zidole zimenezi sizikhalitsa. Mng'ono wanga akulumbira kuti kwa iye inkatha masiku awiri, koma iye amakhala pa desiki. Akutinso ndachulutsa magulu pa foni. N'zoona, ndili m'gulu la mpira, la kutchalitchi, la akalipentala ndi la kubanja kwathu, ndipo onsewa ndi olongolola.

Sindikupempha kuti mundimvere chisoni, Aphungu. Ntchito sindingasiye, ndi imene ikutidyetsa. Mkazi wanga sindikufuna achoke. Ndipo tsiku limene matenda ayambe ndikufuna ndikhale woyamba kudziwa, osati womaliza. Ndiuzeni pogwira, manja ndili nawo.

W.D.K., m'tauni muno

*

Bambo W.D.K.,

Chisoni mwakana, ndiye sindikupatsani. Tiyeni pa ntchito.

Yankho lalikulu mwalilemba nokha: Lamlungu wotchi imafika madzulo. Batire lotheratu silidziwa Lamlungu, limafooka tsiku lililonse. Ndiye musathamangire kusintha batire. Chikudya moto chili kushopu kwanu, ndipo ndikuganiza kuti choyamba ndi mkono wanu womwewo.

Mawotchi amenewa amayatsa sikirini munthu akadzutsa mkono, poganiza kuti akufuna kuona nthawi. Kwa mng'ono wanu wa pa desiki uja zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo. Inu mukamapala thabwa, kukhoma msomali kapena kukwecha ndi sandipepa, mkono sukhala pansi, ndipo sikirini ikungoyaka tsiku lonse popanda woiyang'ana. Lowani m'masetingi a wotchi, muzimitse zoti iziyaka mukadzutsa mkono. Ngati ili yoti sikirini izikhala yoyaka nthawi zonse, muzimitsenso. Kuwala muchepetse, ndipo musankhe nkhope ya wotchi yakuda, yopanda tizithunzi tovinavina. Mukafuna nthawi muzidina batani. Palibe amene anafa ndi kudina batani.

Mkono womwewo ukhoza kuinamizanso kwina. Mawotchi ambiri akamva munthu akugwedezeka mosalekeza amaganiza kuti wayamba masewera olimbitsa thupi. Amayamba kuyeza kugunda kwa mtima mosapumira, ena amayatsa ndi GPS yomwe, ija yolondola pamene munthu ali, ndipo imeneyi imamwa batire ngati madzi. Wotchi yanu mwina ikuyesa kuti ndinu katswiri wothamanga pamene inu mukupanga kabati. Zimitsani zoti izizindikira yokha masewera, ndipo za mtima muziike kuti iziyeza patalipatali kapena muzitseke kaye.

Tsopano za jekete lija. Pamenepa ndi pamene pandiopsa kuposa batire. Wotchi yotere imamva kudzera pa foni, ndipo imamva foniyo ikakhala pafupi. Pakakhala mtunda ndi makoma, imangokhalira kuifunafuna, moto n'kumapita. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi imene zasiyanazo, akazi anu akhoza kuimba wotchi ili yodzaza, inu osamva kanthu. Foni ichoke pa msomali. Muiike m'kapulasitiki kotseka pakamwa kuti utuchi usalowe, ndipo ikhale m'thumba la ovololo kapena pa shelefu pafupi ndi benchi yanu. Ndinu kalipentala, kabokosi kake simuchita kugula.

Za magulu, mng'ono wanu sakunama. Meseji iliyonse imanjenjemeretsa wotchi ndi kuyatsa sikirini. Komanso mkono ukazolowera kunjenjemera chifukwa cha mikangano ya mpira, tsiku lofunika mudzati ndi omwe aja, osayang'ana. Pa foni pali pulogalamu yoyendetsera wotchiyo, mmenemo ndi mmene mumasankha zoti zizifika pamkono. Siyani mafoni oimbidwa ndi mameseji wamba basi, ndipo muwauze akazi anu kuti pa zadzidzidzi aziimba kapena kutumiza meseji wamba. Magulu onse adikire poweruka. Akutchalitchi akukhululukirani, ndi ntchito yawo.

Mwati tsiku lina imadzaza, lina ayi. Itembenuzeni muone kunsi kwake. Pali timadontho tachitsulo pamene tchaja chimagwira, ndipo kwa munthu wa ntchito yanu pamenepo pamamata thukuta, utuchi, mwinanso guluu. Pukutani ndi kansalu kouma kapena mswachi wakale wouma, ndi tchaja chomwe. Osakanda ndi msomali, chonde. Mukaiika pa tchaja dikirani muone kuti yayambadi kulowa moto musanachoke. Kenako muizimitse n'kuiyatsanso, ndipo ngati pulogalamu ija ikupempha kuti muike zatsopano, vomerani muli pakhomo, wotchi ili pa tchaja.

Mukatha zonsezi muiyese, musangokhulupirira. Akazi anu akuimbireni m'mawa makina akulira, akuimbireninso masana nthawi imene inkazima ija. Mutengenso tchaja kushopu kuti muziwonjezera moto pa nthawi ya chakudya. Ikapitiriza kufa msanga patatha masiku angapo, pamenepo ndiye tingaloze batire, poti wotchiyo inayamba yatumikira mng'ono wanu. Mupite nayo kwa wokonza amene ayambe waiona asanatchule matenda ake. Koma ikamatentha pamkono, kapena mukaona kuti sikirini yatukuka kapena kunsi kwatupa, muivule nthawi yomweyo ndipo musaitchajenso. Batire lotupa likhoza kuyaka. Lamba wake akhale wothina bwino, wopanda kamchira kolendewera, chifukwa makina ocheka sasankha chokoka.

Zimenezo ndi za wotchi. Izi ndi za inu.

Ngakhale itachira, moyo wa anthu awiri sungapachikidwe pa kabatire kochepa ngati batani la malaya. Mawa lomwe mupite kwa bwana wanu ndi kwa mnzanu wa pa makina ocheka uja, muwauze mmene zinthu zilili kunyumba, mutenge manambala awo mupatse akazi anu, apongozi ndi mayi woyandikana nanu uja. Anthu amene anakupatsani dzina loseka sangakane kukugwirani paphewa foni ikalira. Mugwirizanenso ndi woyendetsa galimoto mmodzi wodalirika, nambala yake ilembedwe pa khoma, ndipo chikwama cha kuchipatala chikhale chopakira pafupi ndi chitseko.

Apongozi anu musawaone ngati adani. Mayi amene wapeza mwana wake pa bedi la chipatala ali ndi ufulu wochita mantha, ndipo onani kuti sanakunyozeni. Adokotala anati akazi anu asamakhale okha, inu masana mumakhala kuntchito, ndiye mukulimbirana chiyani? Musadikire kuti anyamuke naye. Apempheni inuyo kuti akhale nanu mpaka mwana abadwe, ndipo muwachotse pa sofapo, muwakonzere pogona pabwino. Akatero akazi anu akhala pakhomo pawo monga akufunira, mayi awo ali pambali, inunso mtima ukhala pansi. Poyesa wotchi muja, apongoziwo aimbeko okha aone mukuyankha. Zimenezo ziwagwira mtima kuposa malonjezo.

Khutu lakumanjalo mulisamale. Valani zotseka m'makutu makina akamalira, ndipo mupite kuchipatala akaliyeze, mufunse ngati kachipangizo kothandiza kumva kangakuthandizeni. Posachedwa m'nyumba mwanu mukhala mawu atsopano oti muwamve.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo muwawerengere akazi anu ndi apongozi pamodzi. Mwati mukufuna kukhala woyamba kudziwa. Ndikumvetsa, koma pamenepo ndikukanizani. Akazi anu akaonanso magazi, akamva chizungulire, mutu waukulu, kapena mwana akasiya kugunda, asataye nthawi kusaka inu. Ayambe kuitana galimoto, anyamuke, akuimbireni ali m'njira. Kukhala wachiwiri kudziwa si manyazi, bola muwapeze ali kale m'manja mwa anamwino.

Aphungu