Tsiku Lopumitsa Makina a Madzi

Bengaluru

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Nanga bondo lija likuti bwanji? Mafuta ndinatumiza aja muzipaka, osati kuwasunga pawindo ngati chokongoletsera nyumba. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine cha fumbi sichindisiya, ndipo eni nyumba akuti ndimasamba ngati njati, ndikuwathera madzi.

Ndili ndi nkhani yoti mukanyadire nayo kogulitsira tiyi. Mkati mwa makina osefa madzi amene mumayang'anira kumudziko, a kampani yathu aja, muli bolodi lobiriwira la timawaya ta magetsi. Pabolodipo pali kanthu kakuda ka miyendo isanu ndi itatu kotchedwa fulashi, ndipo makina amasunga nzeru zawo zonse m'menemo ngakhale magetsi athime. Koma kenelo, yomwe ndi mtima wa pulogalamu yoyendetsa makinawo, siingadziwe yokha za kanthuko. Pamafunika munthu woilembera kuti fulashi ili pa mawaya awa, ndi yaikulu chonchi, gawo ili mulembemo, ili musakhudze. Gawo losakhudzalo ndi limene limadzutsa makina. Lili ngati mtedza wa mbewu, ukaudya ndiye kuti chaka chamawa munda ugona. Zonsezo ndalemba ndine, mwana wanu.

Ndinatumiza ntchitoyo kwa akuluakulu oyang'anira kenelo kunja. Mmodzi anangokhalira kundibwezera, ati dzina ili silili m'malamulo athu, ati apa simunafotokoze bwino. Tsiku lina ndinalira ndi mkwiyo, sindinama. Koma sabata yatha anayankha kuti walandira, zikomo. Pansi pake pali dzina langa lonse, Gorantla Hymavathi, ndipo likhala pamenepo ngakhale ine nditakalamba. Abwana anga a Qureshi anagulira ofesi yonse maswiti, n'kumauza aliyense kuti kamtsikana ka ku Anantapur kakwanitsa. Ndinawafunsa kuti kamtsikanako ndi kati, poti amene amakonza zimene iwo awononga ndine. Anaseka mpaka kutsamwa.

Komabe pali vuto. Pulogalamu yakale imalemba pamalo amodzimodzi mpaka fulashi kutha, choncho tiyenera kutumiza yatsopano pa netiweki chikondwerero cha Dasara chikangodutsa. Tatulukira kuti amene anatilumikizira mabolodi oyamba, mafulashi atawathera, anaika ena aang'ono pa mabolodi ena osatiuza. Ukawaona amafanana ngati mapasa. Makina athu akumudzi ali m'gulu la mabolodi oyambawo, ndipo sitikudziwa ngati fulashi yawo ndi yaikulu kapena yaing'ono. Akalandira malongosoledwe a fulashi yaikulu pomwe yawo ndi yaing'ono, adzalemba pa mbewu paja ndipo sadzayakanso. Mudzi udzabwerera ku chitsime chija chinatidetsa mano ndi kupinda msana wa azakhali.

Amisiri a kampani akuyendera midzi yapafupi, koma kwathu akuti n'kutali. A Qureshi amati tingoyesa mwayi poti mafulashi ambiri ndi aakulu. Ndinakana pamaso pa onse. Ndinati kumeneko woyang'anira ndi a Obulesu, bambo anga, ndipo palibe chimene chitumizidwe iwo asanayankhe. Anati chabwino mayi, tidikira bambo akowo, koma akalakwitsa usadzabwere kudzandilirira.

Pempho langa ndi ili. Pa tsiku la Ayudha Puja, lija lodalitsa zida zogwirira ntchito m'kati mwa Dasara, makina mumawazimitsa kuti apume, ndipo palibe amene amadandaula. Musanawapake ufa wachikasu ndi kuwaveka maluwa, mumasule chivundikiro cha bokosi laling'ono lija momwe muli bolodi, mupeze kakuda kaja pafupi ndi batire looneka ngati batani la malaya. Ndikufuna zilembo ndi manambala olembedwa pamsana pake. Ufawo chonde uthere kunja kwa bokosi, m'katimo madalitso ndinaikamo kale ine.

Bambo, ndikudziwa kuti maso anu sakuonanso bwino. Amayi anandiuza, musawakalipire. Ndimakudziwani, mungalolere kungoganizira nambala kusiyana ndi kunena pamaso pa anthu kuti simukuona. Zilembozo ndi zazing'ono moti ngakhale ine ndimaziwerenga ndi galasi lokuzira. Bokosilo mutsegule ndi manja anu, poti palibe wina amene ndingamulole kuligwira, koma alamu anga a Sulochana ajambule ndi foni anditumizire. Ofesi yonse ikudikira inu, ndipo ine zimenezo zikundinyaditsa kuposa dzina langa lija.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ufa wa mawere uja watha ndipo wa m'sitolo kuno sukoma. Moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, komanso kwa amalume a ku Kadiri. Mumpsompsonenso mdzukulu wanu Bhavya. Ndaona chithunzi chake akuseka. Mano ake achikulire amera oyera, woyamba m'banja mwathu, ndipo ndikufuna akule nawo choncho.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Hymavathi