Njerewere za hachi ya a Dona

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Tobiasi wanu. Ndikadali pa famu ya fodya ku Madzimoyo kuno, kusamala mahachi monga munandisiyira. Mpongozi wanu Anastazia anachira bwino mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mtedza wa m'munda mwanu tinakumba mochedwa, wambiri unamerera pansi.

Koma chandigwiritsa pensulo ndi hachi yofiira ya a Dona ija. Amayi, yachira. Njerewere zija zinatupa pachikope ndi kumimba, zija zinkachucha magazi ntchentche n'kumaunjikana, zauma zokha. Yaikulu ija inathothoka ndikuipesa. Palibe mankhwala amene tinapaka chichokereni inu, koma ubweya wameranso ngati sipanakhalepo kanthu.

Mukukumbukira mmene zinayambira. A Dona anakukalipirani pagulu chifukwa cha diresi lopsa ndi simbi, inu n'kuwayankha kuti, "Nanenso ndine mayi wa ana." Sipanathe mwezi, njerewere zinatuluka. A Zulu akapitawo anakauza a Dona kuti anakuonani mukuzungulira khola, ati munailodza hachiyo. Munkazunguliradi, kundibweretsera mbatata yootcha. Anakuchotsani ntchito yochapa, munapita kwa ang'ono anu ku Kapata, chifuwa n'kukutengerani kumanda komweko. Tsiku lokuchotsanilo ine ndinali chiimire ndi ndowa m'manja, osatsegula pakamwa. Ndinkaopa kutuluka m'nyumba ya pa famu mkazi ali ndi pakati.

Ndiye nditaona hachi yachira, ndinathamangira ku komboni ndikuti dzina lanu layera. Mukudziwa chimene anthu anandiyankha? "Waona? Mwini wake wapita, nazonso zapita." Anastazia akafika pachitsime macheza amatha. Mwanayu palibe mayi wamunyamulapo, ati dzina lake n'lolemera.

Lachiwiri kunabwera dokotala wa ziweto wochokera ku Boma, mzungu, kudzabaya ng'ombe katemera. Ndinalimba mtima n'kumufunsa m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Anagwira pachikope pa hachiyo nati njerewere zimenezi amazidziwa, zimabwera zokha ndipo nthawi zina zimachoka zokha, munthu alibe nazo mbali. Ndinamupempha kuti anene mawu omwewo pamaso pa antchito onse. Ananenadi, a Dona ali pomwepo. Koma womasulira anali a Zulu. Iwo anati, "Bwana dokotala akuti matenda atha chifukwa chowabweretsa chinachoka."

Ndinakuwa, "Bodza limenelo, a Zulu! Sananene choncho!"

Anthu anangoyang'ana pansi. A Dona amamva Chinyanja bwino lomwe, inu mukudziwa. Anangosisita khosi la hachi yawo nati, "Tobiasi, ika chishalo." Ndinaika, Amayi.

Chiyambire tsiku limenelo sindikhazikika. Ndikalowa m'khola ndimafuna kutuluka, ndikafika kunyumba ndimadzukanso osadziwa kumene ndikupita. Hachiyo imandinunkhiza paphewa monga kale, ndipo ndimalephera kuida, yalakwanji nyama? Anzanga ena akuti tiyeni ku Halale kukafuna ntchito. Ena akuti ndizibwera kumisonkhano ya chipani ku Kapata, tikagwetse boma la azungu la Chitaganya, zonsezi zidzatha. Kapena n'zoona. Koma Chitaganya chikagwa, pachitsime paja adzasiya kunong'ona? Inu munkati mlandu suola. Ndikakwera basi, wanuwu ndidzausiyira yani?

Ndiye dzulo ndinapalasa njinga mpaka ku Boma. Ndinakhala pakhonde la ofesi ya ziweto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala uja atatuluka anandizindikira, ndipo anandilembera mawu ake aja pa pepala n'kudindapo chidindo. Ndinapita nalo kwa akatekisiti athu, a Phiri. Anawerenga kawiri, kenaka anavomera kuti Lamulungu likudzali adzalimasulira mapemphero akatha. A Zulu amakhala benchi lakutsogolo.

Anastazia akuopa kuti atithamangitsa. Mwina atithamangitsadi, ndayamba kale kuyang'ana koika katundu. Koma ndikukulonjezani, Amayi, a Phiri akamawerenga ine ndidzaima pambali pawo, nkhope kuyang'ana anthu, ndipo sindidzakhala pansi mpaka amalize mawu otsiriza.

Ndimakukondani. Pepani kuti ndachedwa.

Ine mwana wanu,
Tobiasi