Tsiku limene ndinati sindimva Chiyao

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo, ngakhale mitima sinakhale pansi. Papita mvula ziwiri chikuikireni m'manda, koma ndikafika pamsika wa Liwonde ndimapezekabe ndikusankha matemba aang'ono aja munkawakonda, kenako ndimakumbuka kuti palibe woti ndikampatse.

Ndiyambe ndi zabwino. Akazi a achimwene Yusufu anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chenicheni. Mpunga wa kudambo unachita bwino chaka chino, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba. Ababa maso akuwavuta, masiku ano amapita kumzikiti ndi ndodo. Tsiku lina anawabweza pachipata cha msika chifukwa khadi la chipani analiiwala m'malaya ena, ndiye anabwerera ndi nkhuku yawo osagulitsa, akung'ung'udza njira yonse. Mbuzi yanu yamawanga ija inagwera m'chitsime chakale. Anaivuula yamoyo, koma ikutsimphina.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi china. Ndalakwa, Amayi, ndipo palibe wina amene ndingamuuze bwinobwino.

Ndikuphunzitsabe Chingerezi pasekondale ya atsikana ija kufupi ndi Balaka. M'kalasi langa muli ana a makalaliki a kuboma, odzola mafuta onunkhira, muli ana a alimi achikatolika, ana awiri a Amwenye amasitolo, ndi ana akwathu ochepa zedi. Lamulo ndi lakuti pasukulu tizilankhula Chingerezi chokha. Wogwidwa akulankhula chakwawo amavekedwa kathabwa pakhosi n'kukatchetcha udzu. Koma ana a Amwenye akamacheza m'chinenero chawo aphunzitsi timangodutsa, ndipo mayi wachizungu wophunzitsa sayansi akapereka moni wa Chichewa mopotoza, tonse timamuombera m'manja. M'chipinda cha aphunzitsi ndamva kangapo kuti Ayao sukulu sitiifuna, timangodziwa geni ndi ukwati. Ine ndinkangoweramira makope. Amandidziwa ndi dzina la amuna anga, Mayi Kachingwe, ndipo palibe anandifunsapo kumene ndinabadwira.

Mu Fomu 2 munali mtsikana wa ku Nayuchi, dzina lake Asiyatu. Anabwera kusukulu ndi thumba la feteleza m'malo mwa sutikesi, nsapato zake zosokerera ndi waya. Koma akalemba nkhani, Amayi, ndinkaiwerenga kawiri ndisanaichonge. Tsiku lina anadwala malungo, ndinapita kukamuona kogona nthawi ya masana anzake ali m'kalasi. Ndinamupeza akubwebweta, akuitana amake m'Chiyao. Munalibe munthu. Ndinakhala pakama pake, ndinamugwira pachipumi n'kumuyankha m'Chiyao momwemo, monga munkachitira inu. Atachira anayamba kundiyang'ana ngati wachibale.

Linafika Loweruka loti makolo adzaone ana. Magalimoto anandanda pansi pa mitengo. Bambo wa mmodzi wa ana a Amwenye aja analowetsedwa mu ofesi ya ahedi, tiyi n'kuwatsatira. Ine ndinaima pakhonde ndi akazi a ahedi komanso mzungu uja. Pamenepo panatulukira mayi wopanda nsapato, fumbi mpaka m'mawondo, dengu pamutu. Anakwera sitima ku Nayuchi, ndipo kuchokera pasiteshoni anayenda wapansi. Ndinaona Asiyatu akundiloza. Mayiwo anafika, anagwada, anatula dengu la mbatata ndi matemba pamapazi panga, n'kuyamba kulankhula Chiyao chenicheni cha kumalire, chonga chanu.

Akazi a ahedi anaseka pang'ono. "Mayi Kachingwe, mwalandira alendo. Mukumvako zimenezi?"

Amayi, ine ndinati, "Iyayi, sindikumva. Asiyatu, tanditanthauzira."

Munkakonda kunena kuti munthu akakufika ndi fumbi kumiyendo uyambe wampatsa madzi, mafunso pambuyo. Ine sindinawapatse ngakhale moni.

Mayiwo analankhula nthawi yaitali, ndipo ndinamva liwu lililonse. Anati amjomba ake a Asiyatu, amalume eni mbumba, apeza mwamuna wa geni ya nsomba, ndipo akufuna mwana asiye sukulu patchuthi chikubwerachi. Anati iwo ayesa kukana, koma mawu a mkazi wamasiye safika patali. Anati mwana anawauza kuti pasukulu pali mphunzitsi wakwathu, wolankhula ngati ife. Ameneyo atapita kukakhala pamphasa ndi amjombawo, iwo n'kuona ndi maso kuti mwana wamkazi wa Chiyao akhoza kuphunzira mpaka kuphunzitsa ena, mwina mtima ungatembenuke. Ndicho anakwerera sitima.

Asiyatu anayang'ana pansi, kenako anandiyang'ana ine m'maso. Anati, "Akuti zikomo pondiphunzitsa. Akuti mulandire mbatatazi."

Mzungu uja anadabwa, anafunsa ngati mawu onse aja anali omwewo. Mpata unali umenewo, Amayi. Ine ndinamuyankha kuti anthu a kumeneko ndi mmene amathokozera. Mayiwo anadikira pang'ono, anaomba m'manja mwaulemu, n'kunyamula dengu lawo lopanda kanthu.

Ndinadziuza kuti ndimuitana mwanayo patokha. Ndinamuitanadi patapita masiku atatu, ndinamufunsa za kumudzi. Anaimirira chilili, manja kumbuyo, n'kundiyankha m'Chingerezi kuti kwawo kulibe vuto lililonse. Ndinalandira yankho limenelo chifukwa linali lopepuka kunyamula. Ndinati patchuthi ndidzapitako. Tchuthi chitafika mwana wanga wamng'ono anadwala chikuku, kenako kunabwera kuchonga mayeso, masiku n'kumatha. Sukulu itatsegulidwa, desiki lachitatu pafupi ndi zenera linali lopanda munthu.

Loweruka lotsatira ndinakwera sitima ya ku Nayuchi. Nyumba sinavute kupeza. Amake Asiyatu anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi osamba kumapazi, ndipo nditawapatsa moni m'Chiyao sanadabwe. Anati, "Ndinadziwa tsiku lomwe lija kuti mukumva. Maso anu ankayankha." Ndikanakonda akanandikalipira.

Ukwati unali utamangidwa masabata atatu apitawo. Amjomba aja anabwera kudzandiona, munthu waulemu, osati chilombo chimene ndinkachiganizira m'sitima. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, anandifunsa mudzi wathu, ndipo zinapezeka kuti ababa amawadziwa. Anati, "Mukanabwera kale tikanakambirana. Ife sukulu zimenezi timaona ngati n'za ena. Palibe wochokera kumeneko anapondapo pano."

Anatuma uthenga, ndipo Asiyatu anabwera kuchokera kunyumba kwake, mpango kumutu, ndowa m'manja. Ndinaimirira, ndinamupepesa m'Chiyao pamaso pa onse. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandiyankha m'Chingerezi choyera, chomwe ndinamuphunzitsa ine, chopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Anati ndisadandaule, ndikapereke moni kwa anzake a m'kalasi. Analowa m'nyumba mwa amake, anatulutsa buku la sukulu limene anabwereka, atalikulunga bwino m'kansalu, anati ndikabweze kuti ena awerengeko. Anatenga ndowa yake n'kupita kuchitsime.

M'sitima pobwerera ndinalira osabisa, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anandifunsa ngati ndikuchokera kumaliro. Ndinati inde.

Lolemba m'mawa, nthawi ya tiyi, ndinaimirira m'chipinda cha aphunzitsi. Ndinawauza kuti ndine Myao wa ku Machinga, mwana wa Asilamu, ndipo tsiku lija ndinamva zonse zimene mayi uja ananena. Mphunzitsi wa masamu anati, "Oo, zoona? Simuoneka." Akazi a ahedi atamva anangoti ndi nkhani yachisoni. Wina anapempha kuti amupatsire shuga, belu linalira, tonse tinapita m'makalasi. Palibe anandichotsa ntchito, palibe anasiya kundipatsa moni. Chinthu chimene ndinkachiopa zaka zonsezi, chimene ndinatayira mwana wa eni, chinatha tiyi asanazizire.

Munkati cholakwa sachikwirira ndi misozi, amachikwirira ndi miyendo. Asiyatu sangabwererenso, lamulo silola wokwatiwa kukhala m'kalasi. Koma ali ndi mng'ono wake, Hawa, amene ali Sitandade 7, ndipo amjomba aja anavomera kuti ndizipita kukacheza nawo za iye. Ndikulonjeza kuti mwezi uliwonse ndizikwera sitima imeneyo, kaya kuli mvula kaya ndatopa, mpaka mwanayo atalemba mayeso ake. Ndikadzabwera kudzalambula pamanda panu mvula ikatha, ndidzakuuzani mmene zikuyendera, ndipo ndidzakuuzani m'chinenero chanu.

Mundikhululukire, Amayi. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Patuma